A Li Ali Kuti?

Ine ndinakula ndili munthu wosafunsa kawiri. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo agogo anga aakazi, amene anandilera ku Ndirande, ankalankhula zokwanira anthu awiri. Yanga inali ntchito yomvetsera ndi kuyang'ana. Khalidwe limeneli landithandiza m'zambiri, koma ku Nairobi linandiyendetsa mpaka nsapato kupendekeka.

Ndinapita kumeneko kukaphunzira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndinkakhala ku South B, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, pamodzi ndi mnzanga wa ku Machinga, mtsikana wachisilamu woseka mokweza mpaka agalu a eni nyumba kuyamba kuuwa. Agogo analibe foni. Ndikafuna kuwamva ndinkaimba kwa mayi wina woyandikana nawo, iye n'kuwakuwira pampanda.

Tsiku lina nditaimba, agogo anachedwa kufika. Ndinkangomva mayi uja chapatali akuti, "Pang'onopang'ono agogo, gwirani apa." Atafika anayamba ndi kundikalipira kuti ndimaimba pafupipafupi ngati ndili ndi mgodi, kenako anaulula kuti mawondo atupa. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi, koma kutsetsereka kupita kumsika kunali kukuwakanikabe. Pabenchi lawo la tomato ndi anyezi mayi wina anali atayamba kale kuyalapo masamba ake, ati kungowasungira malo.

"Ameneyo akazolowera sachokanso," anatero agogo. "Ndiye ine ndizingokhala pakhonde ngati mphaka?"

Benchi limenelo ndi limene linandilera. Homuweki yanga yambiri ndinalembera pansi pake. Ndinkadziwanso kuti agogo akalitaya, sadzakhalanso ndi chowadzutsa m'mawa.

Lamlungu lotsatira Amalawi tinakumana ku Muthaiga, kunyumba kwa mayi wina wa kwathu wogwira ntchito m'bungwe la mayiko ambiri. Ophunzira tonse tinkawaitana kuti anti. Ankatikonda, ankatidyetsa, ndipo ankalankhula mothamanga ngati basi ikuwasiya. Anandipeza kukhitchini ndikupukuta mbale.

"Iwe, nkhope imeneyo bwanji? Wakukana mnyamata?"

Ndinawafotokozera za mawondo a agogo.

"Aa, zimenezo? Mayi anga ankachita kugwira makoma. Upite kwa Ali, konko ku South B, kuseri kwa mashopu. Ali ndi mafuta ena ake opaka, onunkha koopsa, koma amathandiza. Ine Loweruka ndikukwera ndege ya ku Blantyre. Ukawapeza ubweretse, ndikakupatsira agogo akowo."

Umu ndi mmene ndinamvera ine: kwa Ali. Ndinkafuna kufunsa kuti Ali wake uti, koma wina anawaitana pabalaza, ndipo ine ndinangoti zikomo.

Mnzanga uja nditamuuza anagwa pabedi ndi phwete.

"Ali? Ku South B kuno? Mwana iwe, nditakuwa dzina limenelo pakhomo la mzikiti, theka la amuna lituluka, ena asanavale ndi nsapato zomwe."

Komabe anavala mpango wake, tinauyamba. Tikaweruka kusukulu tinkazungulira kuseri kwa mashopu, iye akufunsa m'Chiswahili chake chosakaniza ndi Chiyao, ine ndili pambuyo. Ali woyamba anali wa butchala, bambo wamkulu thupi. Anamvetsera nkhani ya agogo mwachifundo ndithu, chikwanje chili m'manja, kenako anati mankhwala a mawondo ndi supu wa mang'ina, n'kuyamba kutikulungira awiri. Wachiwiri anali telala ndipo sanatukule n'komwe mutu. Wachitatu ankakonza mawailesi. Za mawondo sankadziwa kanthu, koma anafunsa mnzangayo ngati ali pabanja.

"Ndili ndi amuna atatu kale," anamuyankha. "Mukufuna mukhale wochapa mbale?"

Tsiku lina tinauzidwa za Ali wogulitsa mafuta, ndipo tinachita kuthamanga. Tinapeza kashopu kodzaza timabotolo. Mnyamatayo anatidonthezera pamkono, fungo lokoma ngati paukwati.

"Anti anati onunkha," ndinamunong'oneza mnzanga, "osati onunkhira."

"Ndiye imba uwafunse! Pakamwa pako anakupatsa n'podyera pokha?"

Anandikoka mpaka pakatebulo ka foni yolipira pamsewu, anaimba yekha nambala, n'kundiika foniyo pakhutu. Ndinawauza anti kuti tapeza Ali wa nyama, Ali wa zovala, wa mawailesi ndi wa perefyumu, koma wa mawondo ayi. Kenako kunamveka kuseka kwakuti mayi woimbitsa foniyo anacheuka.

"Ali wake uti? Ine ndinati a Li! A, kenako Li! Mchaina, mdala wa imvi! Iwe ukuganiza kuti ine ndingamutchule munthu wamkulu chonchija dzina lokhalokha ngati mwana wanga? Anandilera ndani ine?"

Apo m'pamene ndinazindikira. Anti anawapatsa bamboyo ulemu wa kwathu, ndipo ulemuwo unamatirira ku dzina lalifupilo n'kubala munthu wina. Mkenya sakanalakwitsa chonchi. Mchaina sakanalakwitsa. Zinafunika Amalawi awiri, wina wolankhula mothamanga, wina wosafunsa.

Tinabwerera kuseri kwa mashopu, tsopano tikufunsa za Mchaina. Aliyense ankamudziwa, ngakhale wa butchala uja. Koma pachitseko chomwe anatilozera tinapeza saluni. Mwini wake, akuluka tsitsi, anati mdalayo anasamukira cha ku Kangemi, pafupi ndi kampu ya Machaina omanga nyumba.

Linali kale Lachinayi. Lachisanu mnzanga anali ndi mayeso, choncho ndinapita ndekha. Ndinakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kulowa m'tauni, n'kukweranso ina yotsata msewu wa Waiyaki, wailesi ikugunda mpaka m'mano. Njira yonse ndinkayeseza funso langa chamumtima.

Kampuyo inali yotchingidwa ndi malata. Pageti panali mlonda akudya chimanga chootcha.

"Ndikufuna Bambo Li," ndinatero.

"Li gani?" Ndiye kuti, Li wake uti?

Zayambiranso.

Mlondayo anatembenukira mkati n'kukuwa, "Li!" Wina anasuzumira pawindo la khitchini, chipande chili m'manja. Wina anatuluka pansi pa lole, nkhope ili bii ndi oyilo. Mtsikana wina wa magalasi anatsegula chitseko cha ofesi. Onse ankandiyang'ana ine.

Mtsikanayo ankalankhula Chingerezi chomveka, ndiye anabwera kudzandithandiza. Ndinamufunsa ngati onsewo anali apachibale. Atawamasulirira anzakewo, wa chipande anaseka n'kuloza wa oyilo uja akupukusa mutu mwamphamvu, ngati akuti ameneyu ayi, Mulungu andithandize.

"Sitinadziwane mpaka titafika kuno," anatero mtsikanayo. "Kwathu dzina limeneli ndi limodzi mwa mayina ofala kwambiri. Eni ake ndi ochuluka kuposa anthu a ku Kenya ndi a dziko lanu mutawaphatikiza."

Ndinaganiza kuti akundinamiza, koma nkhope yake sinali yoseka. Ndinakumbukira mmene zimakhalira kumsika wa Ndirande wina akaitana kuti "a Phiri," mitu ingapo n'kucheuka. Koma izi zinali zina: dziko lathunthu la anthu ocheuka. Anandiuza kuti pofuna kusiyanitsa amawonjezera mawu patsogolo: Li wamkulu, Li wamng'ono. Dzina la banja amayamba nalo, la munthu mwini limabwera pambuyo.

Nditatchula mafuta a mawondo, wa chipande uja anawomba m'manja n'kudzigwira msana. Nayenso ankapita kwa mdalayo. Anandijambulira njira ndi chala pafumbi la lole: kudutsa ootcha chimanga, kukhota pa tchalitchi cha malata abuluu, chitseko chofiira.

Fungo linandipeza ndisanachione chitsekocho. Mkati munali tebulo, mipando iwiri ndi mashelefu a mabotolo ndi mizu youma. A Li anali mdala wochepa thupi, wa juzi lotuwa, ndipo Chiswahili chawo chinali chabwino kuposa changa. Tinalankhulana mosakaniza, pena ndi manja. Anafunsa zaka za agogo, ntchito yawo, ngati mawondo amatentha, ngati amapweteka kwambiri kukazizira. Anadabwa kuti ndinkayankha zonse, ngakhale mmene agogo amatsikira sitepe chammbali.

"Ndi mayi ako?"

"Ndi agogo. Mayi ndi bambo kulibe. Anandilera ndi iwowo."

Sananene kuti pepani. Anangogwedeza mutu n'kutsitsa timabotolo tiwiri ta mafuta abulauni. Anati agogo azithowa ndi madzi ofunda asanapake, asasiye mapiritsi a kuchipatala, ndipo asayembekezere kuti abwerera ku utsikana. Akukulunga, ndinawauza za Ali wa butchala ndi mang'ina ake. Ndinayesetsa kufotokoza za "a" wathu waulemu. Atamvetsa anaseka mpaka kutsokomola, akubwereza okha, "A-li, a-li."

Kenako anatenga cholembera n'kujambula dzina lawo papepala lokulungiralo, pang'onopang'ono kuti ndione. Chilembo chake n'chimodzi, koma cha zigawo ziwiri. Anaphimba cham'munsi ndi chala. "Uwu ndi mtengo." Ndinaonadi thunthu ndi nthambi. Anaphimba cham'mwamba. "Uyu ndi mwana." Mwana pansi pa mtengo. Zonse pamodzi, anatero, ndi mtengo wa mapulamu, tizipatso tofiira tija tinkadzaza m'misewu ya Nairobi kumapeto kwa chaka.

"Akuluakulu amati kalekale kunali woweruza milandu amene anauza mfumu yankhanza zoona, ndipo mfumuyo inamupha. Mkazi wake anathawira kutchire ndi mwana. Analibe chakudya, ankangodya zipatso za mtengo umenewu, mpaka anapulumuka. Dzina lawo lakale linkamvekanso kuti Li, koma linkatanthauza udindo wa bambo uja. Mwanayo anasunga kamvekedwe, n'kusintha chilembo kuti athokoze mtengo. Kaya n'zoona, ine kunalibe."

Ndinafunsa kuti mwana mmodzi angabale bwanji anthu ochuluka chonchija. Ndinadzidabwa ndekha, chifukwa linali funso lachitatu kapena lachinayi tsiku lomwelo.

Anati panadzabwera nyumba ina ya mafumu akuluakulu a dzina lomweli, ndipo mafumuwo akakondwera ndi munthu, kaya msilikali kaya mlendo, ankamupatsa dzinalo ngati mphatso. Ana ake n'kulitenga, adzukulu n'kulitenga. "Mwina agogo anga akale anali woweta akavalo a mfumu," anatero akumanga chingwe. "Nanga lako ndi la bambo ako?"

"Ayi. Ndi la agogo. Polembetsa sukulu anangopereka lawo."

"Ndiye nawenso anachita kukupatsa."

Ndinali ndisanaganizepo choncho. Kusukulu ana ankandifunsa chifukwa chake ndili ndi dzina la kuchikazi, ndipo ndinkangowerama. M'matatu yobwerera ndinafukata phukusilo pamiyendo, ndikumwetulira ndekha, ndipo mayi amene ndinakhala naye pampando anatsegula windo.

Ku Muthaiga ndinafika dzuwa likupendeka. Anti anali pakati pa masutikesi otsegula, akulimbana ndi zipi.

"Wawapeza a Li ako? Kapena wandibweretsera mang'ina?"

Ananunkhiza phukusilo n'kubwerera m'mbuyo. Analikulunga m'majumbo atatu, n'kulilowetsa m'nsapato za amuna awo. "Akadandaula ndiwauza kuti ndi mapazi awo," anatero.

Agogo atalandira, ndemanga yawo yoyamba inali yoti Mchainayo akufuna kuwathamangitsira anthu onse pakhomo, ngakhale ntchentche zasamuka. Ankapakabe m'mawa ndi madzulo. Mawondowo sanachire kotheratu, ndipo sitepe ankatsikabe chammbali mpaka kumapeto kwa moyo wawo. Ine sindidziwa ngati anali mafuta, mapiritsi, madzi ofunda, kapena mkwiyo woganizira masamba a munthu wina pabenchi pawo.

Patapita milungu ingapo ndinaimbanso m'mawa. Mayi woyandikana nawo uja sanapite n'komwe kumpanda.

"Agogo ako kulibe, alawirira kumsika. Dzulo anakachotsa masamba a mayi uja pabenchi okha, mtolo umodziumodzi, akumufunsa za ana ake bwinobwino. Uyese madzulo."