Seva ya ku Bangula Yokomoka Masana

Maness anabadwira m'mbali mwa dambo, kumunsi kwa Bangula, m'banja limene nsomba ndiye ndiwo, ndiye ntchito, ndiyenso nkhani. Bambo ake ankapalasa bwato, mayi ake ankawamba milamba n'kumagulitsa pamsika. Iye kudya nsomba ankadya ndithu, koma kutumbula ayi. Mayi ake ankadandaula kuti mwana uyu ali ndi manja aulesi.

Manjawo anapeza ntchito yake pa kashopu kotayipa pafupi ndi siteji ya maminibasi, atamaliza Fomu 4. Ankatayipa makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Mwini shopu ankaiopa kompyuta yake ngati njoka, moti ikangozima ankatuluka panja kukagwira tsaya. Maness ankaitembenuza, n'kuitsegula kumbuyo, mpaka iyake.

Anapita kukoleji ku Blantyre, kumene chisanu cha mu Juni chinamuliza misozi, kenaka analembedwa ntchito yoyankha mafoni a anthu amene makompyuta awavuta. Kwa zaka ndithu uthenga wake unali umodzi: zimitsani, muyatsenso. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kutumidwa kumakampani akuluakulu kukaika mapulogalamu amene amalumikiza nyumba yosungira katundu, ofesi ya malonda, ya antchito ndi ya bwana, kuti dzanja lamanja lizidziwa zimene lamanzere likuchita. Anafika ku Lusaka, anafika ku Beira, kumene Chisena chake chinatsegula zitseko zimene Chingerezi cha anzake chinalephera. Potsiriza anaima payekha ngati mlangizi. Kumudzi mayi ake ankangouza anthu kuti mwana wawo amakonza mawailesi ku Blantyre.

Ntchito yokaika makompyuta kwawo inabwera kudzera mwa a Kalisto, wapampando wa kopaletivi ya alimi a thonje ndi chitowe, mnzawo wakale wa malemu bambo ake. Iwo ndi amene anaimirira pamaso pa komiti n'kunena kuti tili ndi mwana wathu, tifuniranji wina. Mlembi wa komiti, a Witness, ankafuna munthu wa kutauni, makamaka wovala tayi. "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa," anatero, koma anagonja.

Maness anaika zonse bwinobwino. Popeza netiweki ya kuchigwa imabwera ikafuna, anaika seva mu ofesi momwemo, bokosi lakuda losunga zonse, loti makompyuta ena azitunga m'menemo. Anaphunzitsa makalaliki, anakhala nawo masiku angapo, zonse zikuyenda myaa, n'kubwerera ku Blantyre.

Basi mavuto anayambira pomwepo. Unali Okutobala, mwezi umene ngakhale mbuzi za ku Chapananga zimakana kuyenda masana. Dzuwa likangofika paliwombo, seva inkakomoka. Alimi pamzere, matumba pasikelo, makalaliki akungoyang'ana denga. Maness ankatsika mapiri a Thabwa ndi galimoto kuchokera ku Blantyre, mtima uli m'mwamba, koma akafika ankapeza a Kalisto akumudikira pakhomo, seva ili poyera pathebulo. Ankaiyatsa, inkagwira ntchito tsiku lonse ngati mwana womvera. Akangochoka, mawa lake yakomokanso. Anasintha mawaya, anasintha batire, anatukwana magetsi amene sanalakwe kanthu. Zinamupweteka kwambiri: ku Lusaka amamuimbira m'manja, kwawo akusanduka choseketsa. A Witness anaitanitsa komiti kuti imuchotse.

Tsiku la msonkhano galimoto inamufera pa Ngabu. Anakwera minibasi, n'kumalizira pa kabaza, ndipo anafika pa ofesi popanda phokoso lililonse. Polowa m'chipinda anaima chilili. Seva inali itafunda chitenje, chokutidwa bwino mbali zonse, m'makona mopindira mkati, monga amakutira wailesi yakanema pabalaza. Ataigwira, inali yotentha ngati mbatata ya pamoto. A Kalisto analowa mothamanga.

"Aa, mwananga, wafika? Galimoto sindinaimve. Ndikanavundukula."

Ndiye kuti nthawi zonse akamva galimoto ankachotsa nsaluyo, monga munthu amavundukulira mipando yabwino mlendo akafika. Maness anafuna kuseka, koma anakumbuka za msonkhano. Komiti inali itakhala kale pansi pa mtengo. Akanena zoona, mkulu amene anamuimira achita manyazi pamaso pa anthu ake. Akabisa, ntchito yapita, ndi dzina lomwe.

Anaimirira manja ali pamodzi. "Akuluakulu, vuto ndalipeza. Makinawa amafuna mpweya, ndipo amabanika. Ndinakuphunzitsani mabatani onse, koma ichi chokha sindinanene. Kulakwa ndi kwanga."

"Mwamva nokha," anatero a Witness. "Wavomera. Tichedweranji?"

A Kalisto anadzuka pang'onopang'ono, nsalu ija ili m'manja. "Dikirani, alembi. Mwanayu akundibisa. Wobanikitsa ndine. Iye akachoka ndimafunditsa, kuopa fumbi." Anthu anayamba kuseka, iwonso anaseka nawo pang'ono, kenaka anaitambasula nsaluyo. Inali yakale, maluwa ake atafufuma. "Iyi ndi ya malemu akazi anga, a Esinala. Mayi ake a mwanayu akatanganidwa pamsika, amene ankamubereka anali a Esinala, ndi nsalu yomweyi. Ife mwana wathuwathu Mulungu sanatipatse. Ndiye nditaona chinthu chimene wabwera nacho, ndinati chisagone pafumbi ngati chilibe mwini. Ndinatsegula sutikesi yawo, n'kuitulutsa."

Kuseka kunatha. A Witness anayang'ana zala zawo, n'kufunsa chapansipansi ngati fani ingathandize. Maness anati ingathandize. Za a Esinala ankangokumbuka fungo la sopo ndi nyimbo ina yopanda mutu.

Za kumuchotsa palibe anazitchulanso. Anthu atabalalika anapempha nsaluyo, nakwera pampando, n'kuipachika pawindo la kumadzulo, kumene dzuwa linkalowera n'kumawomba seva. Chipinda chinachita mthunzi. A Kalisto anaima pakhomo akuyang'ana.

"Pamenepo siibanika?"

"Ayi, baba. Pamenepo ikuiteteza."

"Takhuta," anatero mkuluyo, kuthokoza m'Chisena. "Ndiye kuti a Esinala akukulerabe."