Lumo la Mayi Delfina

Mayi Delfina anabadwira ku Tsangano, kumtunda kozizira kumene mbatata ya kachewere imalola ngakhale kwa mlesi. Ku Chidzolomondo anabwera chifukwa cha banja, ndipo amuna awo atamwalira ndi chifuwa, nkhondo isanafike, sanabwerere kwawo. Anatsala ndi munda wa chimanga, chigafa chaching'ono cha fodya, ndiponso buku la mapemphero limene sankatha kuliwerenga koma ankalidziwa lonse pamtima. Ansembe atasiya kufika, msewu wa ku Furancungo utakwiriridwa mabomba, Akhristu a m'mudzimo anagawana ntchito. A Policarpo, amene anaphunzira mpaka kwarta kalasi, kalasi yachinayi, ankawerenga Mawu Lamulungu lililonse. Mayi Delfina ankayendera odwala ndi oferedwa.

Sanali munthu wa mawu onona. Akafika pakhomo pa mavuto ankakhala pansi, miyendo ili tambasu, n'kumugwira wolirayo pabondo, osanena kanthu mpaka kulira kutachepa kokha. Pamenepo ndi pamene ankapemphera, ndipo ankatchula dzina. Ankati kupempherera munthu osamutchula n'chimodzimodzi kuponya mbewu pathanthwe n'kumati wadzala.

M'chaka cha 1986, dzuwa la Okutobala lili pamutu, amfuti a kutchire anafika m'mudzimo, natenga chimanga m'nkhokwe, nagwira amuna asanu kuti awasenzere. Mmodzi anali Joaquim, mwamuna wa Rosália. Mwana wawo woyamba anamugwira pa ubatizo ndi Mayi Delfina, choncho akazi awiriwa ankaitanana kuti akomadre. Joaquim anathawa nabwerera patapita masiku asanu ndi anayi, mapewa ali zilonda zokhazokha. Amfuti ena, aja ankati akuteteza mudzi, anaona zilondazo n'kunena kuti ndi umboni wakuti amadyetsa adani. Anamuwombera kumtsinje masanasana. Mkulu wawo analamula kuti pasamveke kulira, ndipo aliyense wolira maliro a mdani nayenso ndi mdani. Amuna awiri anakumba dzenje lofika m'chiuno, namukwirira popanda nyimbo.

Kumeneko maliro satha ndi kukwirira. Amatha ndi kumeta. Namfedwa asanametedwe amakhala pamphasa, sagwira khasu, satunga madzi pakati pa anzake. Sadzimeta yekha, ndipo mbale wake samumeta. Amamumeta munthu wapadera, mpingo utalengeza tsiku, ndipo amene alira naye amametanso. Apa ndi pamene panali vuto. Misozi munthu amatha kuimeza, koma mutu wometa umaonekera patali, ndipo amfuti aja ankaudziwa mwambowo chifukwa ambiri a iwo anali ana a m'midzi yomweyo.

Masabata atatu anatha a Policarpo osalengeza kanthu. Mvula yoyamba inagwa, mudzi wonse unakhamukira m'minda, Rosália ali pamphasa ndi ana awiri, mbewu yake ili mu mtsuko. Mayi Delfina ankapita tsiku ndi tsiku atasenza madzi. Anayesa kumunyengerera kuti angolowa m'munda.

"Akomadre," anatero Rosália, "ndikagwira khasu ndisanametedwe, ana angawa n'kuyamba kutupa, mudzandiuza chiyani? Bambo wawo wapita. Ndiphenso awa ndi manja anga?"

Mayi Delfina ankadziwa kuti mvula sidikira namfedwa. Sabata ina ikanapita, mundawo ukanagona chaka chonse, ndipo m'chaka chimenecho panalibe nkhokwe ya munthu yoti n'kudyetsa banja lachiwiri. Ankawakwiyira a Policarpo, komanso ankadzikwiyira okha, chifukwa nawonso anali atadikira masabata atatu chilolezo cha munthu wamantha.

Lamulungu lotsatira Akhristu anasonkhana m'chigafa, poti tchalitchi chinali chitasanduka mogona amfuti. A Policarpo anatambasula manja napempherera abale athu onse amene ali m'mavuto osiyanasiyana.

"Ndani?" anafunsa Mayi Delfina, anthu asananene amen.

A Policarpo anatsegula diso limodzi. "Mayi Delfina, tili pa pemphero."

"Ndamva. Ndikufunsa kuti abalewo ndani. Alibe mayina?"

"Mulungu amawadziwa."

"Mulungu amawadziwa, inde. Amene mwawaiwala ndinu. Joaquim ndi amene anafolera chigafa chimene mwaimamochi. Mkazi wake ali pamphasa, mbewu ikufumbwa mu mtsuko. Lengezani tsiku lometa."

"Amayi, kalma, ugwireni mtima," anatero a Policarpo, mawu atatsika. "Ine ndasenza mpingo wonse. Tikameta mitu makumi anayi, mawa tikumba manda makumi anayi. Nkhondo ikadzatha tidzachita zonse mwa dongosolo."

"Anawo adzadya dongosolo lanulo? Mayi anu atamwalira, anagona pa siwa masiku atatu ndani, kodi si Rosália, ali ndi pakati? Lero mwaiwala kuti maliro n'kulirana. Mumatiwerengera za anthu oponyedwa m'ng'anjo ya moto mawu ali gwaa, koma lumo lokha lakunjenjemeretsani."

Panalibe amene anawathandiza. Amuna anayang'ana pansi, akazi akukonza nsalu zimene zinali zokonzeka kale. A Policarpo anayambitsa nyimbo, mpingo unaigwira mwamphamvu kuposa masiku onse.

Alipo amene mpaka lero amati a Policarpo anachita mwanzeru, ndipo mfundo yawo si yopanda pake, pakuti mfuti zija zinalidi ndi zipolopolo. Koma afunsidwe chinthu chimodzi. Ngati mpingo unkaopa kumeta, unalepheranso bwanji kutuma anthu khumi kukadzala munda wa mkazi wamasiye m'mawa umodzi? Palibe amfuti amene analetsa zimenezo. Choona ndi chakuti mantha atalowa, anthu anayamba kulambalala khomo la Rosália ngati pali nthomba, ndipo pemphero lopanda dzina linawapatsa njira yochitira zimenezo akudzimvabe kuti ndi Akhristu. Kumeneko si kuchenjera. Ndi kumupha Joaquim kachiwiri, ulendo uno moimba nyimbo.

Lolemba m'mawa Mayi Delfina ananola lumo la malemu amuna awo pamwala, natenga kachidutswa ka sabawu, sopo wa thovu lometera, ndi chikho cha madzi ofunda. Panjira anakumana ndi Laurinda, mkazi wa pakhomo loyandikana nalo, amene anaona lumolo n'kuwatsatira osafunsa. Anamutulutsa Rosália panja, namukhazika pansi pa mtengo wa mango, poonekera. Mayi Delfina anapemphera mokweza, natchula Joaquim mwana wa Bertina, wofolera zigafa, amene anasenza katundu wosakhala wake nafa imfa yosakhala yake. Rosália analira kulira kumene anakumeza masabata atatu, tsitsi likugwera pa kapulana amene anavala. Atatha, Mayi Delfina anavula duku napereka lumo kwa Laurinda.

"Ndimeteni."

"Tiya Delfina, ndingodula pang'ono kumbuyoku, mubise ndi duku," anatero Laurinda.

"Ndikabisa, mudzi udziwa bwanji kuti maliro atha? Mawa mwanayu akapita kuchitsime amuthawa. Metani wonse."

Laurinda anameta, nawacheka pang'ono pamwamba pa khutu. "Akakufunsani, mudzati nsabwe," anawanong'oneza.

"Joaquim si nsabwe."

Masana omwewo Mayi Delfina anapita kuchitsime mutu uli mbee, Rosália ali pambuyo pawo ndi mtsuko. Akazi anapatuka, kenaka mmodzi anasendeza ndowa yake kuti Rosália atunge.

Amfuti anadzawatenga Mayi Delfina Lachitatu. Mkulu wa amfuti, mwana woti akanatha kumubereka, anafunsa chimene anametera. Anamuyankha kuti ameta maliro a Joaquim. Anafunsanso kachiwiri, mwina pofuna kuwapatsa mpata wonama, ndipo iwo anabwereza mawu omwewo. Anawamenya ndi chigwiriro cha mfuti kumanzere kwa mutu, ndipo khutu limenelo silinamvenso mpaka imfa yawo. Anawasunga masiku awiri akukumbitsidwa maenje obisalamo asilikali, kenaka anawathamangitsa, poti mayi wachikulire wouma mutu analibe naye ntchito.

Mayi Delfina sanalunjike kunyumba. Anadzera kumunda kwa Rosália, tsaya lili lotupa, nakamupeza akuponya mbewu m'mapando, mutu ukuwala ndi thukuta. Pambuyo pake Laurinda ankakwirira ndi phazi, duku atalimanga motsika kwambiri mpaka m'makutu, mosiyana ndi mmene ankamangira kale. Mayi Delfina anakhala pamzere n'kuwauza kuti mapandowo atalikirana, akuwononga malo.

Chimanga chinachedwa ndipo theka la munda silinabereke, koma chimene chinabereka chinawafikitsa anawo ku masika ena. Pa Lamulungu lothokoza zokolola Rosália anabweretsa ngala zisanu ndi imodzi za chimanga chabwino, naziika patsogolo m'chigafa muja. A Policarpo anazilandira, natambasula manja, nayamba kupempherera onse amene anatisiya m'njira zosiyanasiyana. Mayi Delfina anatembenuza mutu, nawalozetsa khutu lakufa lija.

"Joaquim," anatero mokweza, monga amalankhulira anthu osamva bwino. "Mwana wa Bertina."

A Policarpo anaima. Kuchokera kumbali ya akazi kunamveka amen wa anthu atatu kapena anayi.