Anamuika Ine Kulibe

Anagogoda Lachiwiri masana, mvula isanayambe. Ndinali ndikuthira phala m'botolo kuti ndipite nalo kuchipatala, kumene mkazi wanga anagonekedwa ndi nthenda ya chifuwa. Pakhomo panaima apolisi awiri. Anati akomandante akundifuna ku eskwadra, kupolisi kwawoko, timafunso tochepa chabe. Ndinapempha kuti tidzere kuchipatala.

"Upita madzulo," anatero wamkuluyo.

Zaka zimenezo Tete anali atapenga ndi malasha. Ine ndinatsika kuchokera ku Angónia kudzawotcherera zitsulo ku Moatize, ndipo Lamulungu ndinkatsogolera mapemphero m'katchalitchi kathu ka ku Matundo. Mlandu wanga unali uwu: kampani ina inkafuna kufukula manda a mudzi wina kuti ikumbepo, ndipo eni manda anandipempha kukapemphera nawo. Ndinapita. Tinaimba, makina anaima mpaka dzuwa kulowa.

"Anakutuma ndani?" anafunsa wapolisi wofufuza, maso ali pafoni.

"Palibe, bwana. Anandiitana ndi ofedwa."

"Anthu anafa kalekale, ofedwa ake ati?"

Anafuna mayina a onse amene anaimba. Ndinamuuza kuti ndikamapemphera ndimatsinzina. Yankho limeneli sanalikonde. Zimene zinatsatira sindizilemba, koma khutu langa lakumanzere silinamvenso bwino kuyambira tsikulo.

M'chitokosi tinali ambiri, ndipo malata ankatiwotcha ngati tili m'ng'anjo. Anzanga ankacheza m'Chinyungwe, ine n'kumangotolako mawu apa ndi apo. Panalibe wondida, panalibenso wondidziwa. Tsiku ndi tsiku ndinkapempherera chinthu chimodzi: kuti mkazi wanga ndikamupeze wamoyo.

Loweruka lina m'mawa, mlonda wobweretsa madzi anaima pachitseko.

"Mbusa ndi uti muno? Iwe? Mkazi wako anaikidwa dzana. Anzako anabwera kudzakupempha, koma akomandante kunalibe."

Kenako anafunsa ngati ndowa yachimbudzi yadzaza.

Sindinalire. Ndinakhala pansi, ndipo kupemphera ndinasiya. Ndinkaona kuti ndapempherera mafupa a anthu amene sindinawadziwe, pamene wanga analowa m'dothi popanda ine kuponyapo ngakhale kadothi kam'manja.

Pakona pankagona bambo wina wachikulire, Msilamu wa ku Nampula, woyendetsa magalimoto a malasha. Chichewa anachitola m'misewu ya ku Malawi. Patapita masiku angapo anasendera pafupi nane.

"Achimwene, kale ndinkakuonani mukugwada. Mwasiyiranji?"

"Mawu ndilibe, bambo."

"Mawu a chiyani? Gwadani basi. Iye ali ndi makutu, alinso ndi maso."

Ndinagwada chifukwa cha manyazi, osati chikhulupiriro. Ndinangokhala chete, maondo ali pasimenti yotentha. Mawa lake ndinagwadanso. Tsiku lina ndili chigwadire ndinakumbukira kuti Ambuye Yesu nawonso anafika mochedwa pamaliro a bwenzi lawo, atamuika kale, ndipo anaima pamanda n'kulira. Apo misozi yanga inatuluka. Wina anaika dzanja paphewa langa, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani.

Ananditulutsa mvula itagwa kale. "Mlandu palibe," anatero wofufuza uja. "Pita, ndipo uzipempherera m'nyumba mwako." Dalaivala uja ndinamusiya m'kati. Sindinamuonenso.

Ndinakwera shapa, kaminibasi ka kuno, kuwoloka Zambezi. Amayi awiri a ku tchalitchi kwathu, amene ankadwazika mkazi wanga, ananditsogolera kumanda. Udzu unali utayamba kumera pamtumbira. Mmodzi anati, "Abusa, masiku omaliza sankadandaula za iye mwini. Ankangoti, 'Kodi kumeneko akuwapatsa madzi?'"

Ndili m'kati, ufulu ndinkauyesa chitseko chotseguka. Chitseko chinatseguka, koma ntchito inali itatha, ndipo m'nyumba munalibe wondifunsa ngati ndadya. Pang'onopang'ono ndinaphunzira ufulu wina wochepa koma weniweni: kulira pamene ndafuna, ndi kukhulupirira popanda kuyankhidwa mafunso onse.

Lamulungu loyamba anandipempha kuti ndilalike. Ndinaimirira, anthu n'kumadikira.

"Abale anga," ndinatero, "chifukwa chake sindichidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine kunalibe, koma Ambuye analipo, ndipo mkazi wanga ndidzamuonanso."

Ndinakhala pansi. Ulaliki unali womwewo.