Nyumba ya alamu anga sipuma

Lachiwiri lapitali ndinakwera ku Nsambe kukaona nyumba yatsopano ya alamu anga a Fulaye, amuna a mlongo wanga Esinati. Nyumbayo ndi yokongola, ndisaname: njerwa zootcha, malata onyezimira, mawindo agalasi. Koma ndabwerako ndi mantha, ndipo mpaka lero mtima sunakhale m'malo.

Alamu anandizungulitsa nyumba yonse monyadira. Mipata ya pakati pa khoma ndi malata anamata ndi simenti. Timabowo ta mpweya tija timakhala pamwamba pa windo, anauza mmisiri kuti asasiye. Pansi pa chitseko anakhomerapo chidutswa cha tayala.

"Alamu, muno mphepo silowa," anatero. "Kuzizira kwa Juni tathana nako. Komanso akuba a masiku ano akuti amapopera mankhwala ogonetsa pa timabowo tomweto."

Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza. Esinati anali atalowetsa mbaula pabalaza, zitseko chitsekere, akuphika nyemba. Mwana wawo wa miyezi isanu, Tadala, anali gone pamphasa pafupi pomwepo.

Tisanamalize n'komwe tiyi, mutu unayamba kundiwawa ngati andimanga chingwe pachipumi. Ndinkayesa kutopa ndi ulendo.

"Inenso achimwene, mutu sukundisiya chilowereni muno," anatero Esinati. "Kaya ndi fungo la penti."

Kenaka anati ayamwitse mwana. Anamunyamula, khosi lili lende. Anamugwedeza, anamuitana dzina, mwana osadzuka.

Ndinakankha chitseko, tonse n'kuthamangira panja pamvula pomwepo. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbuka Esinati akukuwa, mpaka Tadala anatsokomola n'kuyamba kulira.

Kuchipatala namwino sanatibisire. Anati mpweya wa makala suoneka, sununkha, umangokugonetsa. Tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina.

Abale anga, nyumba zathu zaudzu zija tinkaziseka kuti n'zobooka paliponse, koma zinkapuma. Lero aliyense akagulitsa tirigu kapena mbatatesi akumanga nyumba yotsekeka ngati botolo. Mbaula yokha ndiye sinasinthe, tikuilowetsabe monga kale. Ndani anatiuza kuti ziwirizi sizigwirizana? Mmisiri amangomata zimene wauzidwa, n'kumapita.

Sindikudana ndi nyumba yofunda, kuzizira kwa kumapiri kuno ndikukudziwa. Koma ukatsekera mphepo kunja, usiyireko mpweya njira yake, ndipo makala aziyakira panja.

Potsanzikana ndinawapempha alamu kuti aboole timabowo tiwiri tokha.

"Ndiganizira," anatero, akusisita khoma. "Koma kuswa nyumba yatsopano, eti anthu ati chiyani?"

Juni sanathe, ndipo ine ndabwerera kuno ku Boma. Munthu akangogogoda pakhomo panga, mtima ukumagunda ndisanatsegule, kuopa kuti wabwera ndi uthenga wamaliro wochokera ku Nsambe.

Nanga inu amene mwamata mipata yonse, mwana wanu akagona phee pafupi ndi mbaula, mudziwa bwanji kuti ndi tulo?