Tsiku limene amalume analetsedwa chipongwe

Koleji ndinaisiya m'chaka chachiwiri. Ena amati inandisiya ndiyo, koma mlandu umenewo sunaweruzidwebe. Amalume, amene ndinkakhala nawo ku Kanyama, komboni ya mumzinda, anandipenyerera kwa kanthawi ndikudya unga umene akazi awo ankaupezera pamzere, kenako anandiuza kuti maphunziro anga apeza pogwira. Pogwirapo panali pa chingwe.

Iwo anali kapitawo pa kampani ina yaing'ono yotsuka matanki a pansi pa nthaka: a zimbudzi, a m'mafakitale, alionse amene munthu wokhuta sangalowemo. Kapitawo salowa. Amaima pakamwa pa tanki, kusuzumira ndi kumvetsera. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo nditagwira chingwe chomangidwa m'chiuno mwa wolowayo. Wolowa kawirikawiri anali bambo wina wa Chibemba wa ku Chawama, wamfupi, wa chifuwa ngati mgolo, amene anayamba ntchito ndi amalume ine ndisanamere mano. Ife a m'chigawo cha kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya: timanyozana mwalamulo, paukwati ndi pamaliro pomwe, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Amalume ankamutcha mbuya, iye ankawatchanso mbuya, ndipo ulemu wawo unkathera pomwepo.

Makina oyezera mpweya kampani inali nawo. Ankakhala mu ofesi, m'kabati, atakutidwa ndi nsalu yoyera ngati ziwiya za mgonero, chifukwa mabatire ake ankachokera kunja ndipo zaka zimenezo ngakhale sopo ankaoneka mwa apo ndi apo. Ndiye m'malo mwa makina tinali ndi pakamwa pa amalume.

"Iwe wakudya kolwe!" ankafuulira m'dzenjemo. Kolwe ndi nyani m'Chibemba, bululu ndi m'bale. "Wapeza bululu wako uko?"

Pansi pankamveka fosholo, kenako mawu: "Napeza mbeba zibili! Zifunsa ngati ndiwe unadya bamai bawo!"

Mbeba ndi mbewa, ndiwo imene Abemba amatinyoza nayo. Chipongwe chikabwerera chatsopano, ndiye kuti mutu wa munthuyo ukugwirabe ntchito. Sindikufuna kuwanamizira nzeru amalume. Sanalongosolepo zimenezi kwa aliyense, ndipo ndimakayika ngati ankadziwa kuti akuyeza kanthu. Ankangokonda kunyoza Mbemba.

Kenako kampani inagulitsidwa, monga zinkagulitsidwira zinthu zonse. Eni ake atsopano analengeza kuti makapitawo achuluka. Adzatsala mmodzi, amene adzapambane mayeso a kayang'aniridwe ka ntchito ya m'matanki, enawo apite kunyumba. Kunyumba kwa amalume kunali ana, akazi awo, ine, ndi denga lodontha. Ntchito ina mumzinda munalibe, ndipo anthu odulidwa ntchito anali atadzaza kale m'misika akugulitsana tomato okhaokha.

Woyesa anali bambo wowonda, wolankhula motsitsa, amene anakalambira ku migodi. Ndinkayembekeza chitsiru cha tayi kuti ndipeze chosimba, koma sanandichitire ubwino umenewo. Dzulo lake la mayeso anatisonkhanitsa pabwalo.

"Tanki sidya munthu mmodzi," anatero. "Woyamba imamugwira yokha. Wachiwiri ndi wachitatu amadzipereka okha, akuti akukapulumutsa mnzawo. Ndanyamulapo mitembo ya pachibale yochokera m'dzenje limodzi. Ndiye bakapitawo, zonse tingakambirane, koma mukaponda makwerero amenewo mwalephera."

Ananenanso kuti wamva za chipongwe chathu, ndipo sakuchifuna. Pamalo pamene anthu akuseka, iye sangasiyanitse kukuwa kwa nthabwala ndi kukuwa kwa munthu amene akufa. Funso limveke, yankho limveke. Amalume anavomera ndi manja awiri. Madzulo amenewo anasititsa ovolosi yawo, chinthu chimene ovolosiyo inali isanachionepo.

Mayeso anachitikira pa fakitale ya saladi, mafuta ophikira aja, imene inali itatsekedwa, m'mawa wa mwezi wotentha. Udzu unali utamera m'ming'alu ya simenti. Woyesa anabwera ndi makina ake oyezera, okhala ndi mabatire, komanso chopumira cha botolo lakumsana chimene anachiika pambali pa dzenje. Amalume anatsitsa makinawo pachingwe, anawerenga, mpweya unali bwino. Anayesa makwerero, anakoka lamba wa mbuya, anayang'ana mfundo ya chingwe changa kawiri konse. Anatiuza aliyense poima. Woyesa ankangogwedeza mutu. Mbuya anatsika.

"Muli bwino pansi apo?" anafunsa amalume, ndi mawu amene munthu amalonjerera nawo apongozi.

"Nili bwino, bakapitawo."

Mnzanga wokoka ndowa anatsokomola kuti asaseke. Ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikupemphera.

Pansi pa tankiyo panali matope akuda a mafuta akale, ouma pamwamba ngati chikhokho. Mbuya atawaswa ndi fosholo, kunatuluka fungo la mazira ovunda. Ndowa zinayamba kukwera. Patapita nthawi fungo lija linatha, ndipo mphuno zanga zinandiuza kuti zinthu zakhala bwino. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mpweya umenewo umayamba wapha mphuno.

"Muli bwino?"

"Nili bwino."

Ndowa ina inakwera yosadzaza.

"Muli bwino pansi apo?"

"Bwino."

Yotsatira inakwera yopanda kanthu. Amalume anaisuzumira, anayang'ana woyesa, anayang'ana dzenje. Kenako anagwada ndi ovolosi yosita ija, naika mutu pakamwa pa tanki.

"Iwe kawalala wakudya kolwe! Wagona pa nchito monga uli kwa ambuye ako?"

Woyesa anatsegula pakamwa kuti awaletse. Pansi panali zii. Kenako kunamveka mawu aang'ono, ofatsa: "Ee, mukwai."

Mukwai ndi mawu aulemu a Chibemba, a kwa mfumu kapena kwa apongozi. Moyo wake wonse munthu ameneyo anali asanawapatseko amalume ulemu ngakhale wobwereka.

"Koka!"

Tinakoka awiri. Chingwe chinabwera pang'ono n'kuima. Tinakokanso, chinangolira. Mbuya anali atagwera kuseri kwa paipi yachitsulo yodutsa pansi, chingwe n'kukola pamenepo. Woyesa anali atanyamula kale chopumira chija, akumanga malamba pachifuwa.

"Musalowe! Dikirani, ndikutsika ine!"

Malamba anali atatsala pang'ono. Ndinkamuona ndi maso angawa. Amalume nawonso ankamuona. Anavula chisoti, anachiika pansi bwinobwino, anakoka mpweya ngati mwana wofuna kudumphira m'madzi a m'maenje a miyala, n'kuponda makwerero.

"Bamalume!" ndinatero ine. Ndi zonse zimene koleji inandithandiza kunena.

Chingwe chinagwedezeka, chinamasuka. Tinakoka, mbuya anatuluka ngati thumba la makala, wakuda, thovu kukamwa. Tinamugoneka pasimenti. Ndinabwerera pakamwa pa tanki kuti ndigwire dzanja la amalume, koma pamakwerero panalibe munthu.

Woyesa anatsika ndi chopumira chake, atatenga chingwe chomwe chija. Tinakokanso. Amalume anali olemera kuposa mbuya, ndipo mutu wawo unagunda m'mphepete potuluka. Woyesa atakwera anagwada pa iwo, kuwakanikiza pachifuwa ndi kuwauzira mpweya, mpaka amalume anasanza.

Onse awiri anakhala ndi moyo. Kuchipatala anawagoneka mabedi oyandikana, mabulangete tinabwera nawo tokha. Woyesa anadzawazonda atanyamula malalanje. Anakhala pamphepete pa bedi, chipewa pabondo.

"Bambo, ndakulembani kuti mwalephera," anatero. "Zina zonse munachita bwino kuposa anzanu. Munazindikira msanga kuposa ine. Koma mukanadikira pang'ono ndikanatulutsa munthu mmodzi. Mwanditulutsitsa awiri, ndipo wachiwiriyo ndinamupeza atasiya kupuma."

"N'zoona," anatero amalume.

"Mukanakhala ine, mukanamupatsa ukapitawo munthu wotere?"

"Iyayi," anayankha amalume.

Pabedi linalo mbuya anatsegula diso limodzi. "Mum'khululukire, bwana. Wakum'mawa akaona mugodi aganiza muli mbeba."

Amalume anafuna kubwezera. Milomo inayenda, mawu sanabwere. Kuyambira pamenepo mawu awo ankabwera mochedwa, ndipo chifuwa chinkalira ngati chitseko.

Ukapitawo anapatsidwa wina. Amalume anadulidwa ntchito, mbuya nayenso, chifukwa anati mapapo ake saloledwanso m'tanki. Ine anandisunga, popeza ndinkatha kuwerenga mokweza malamulo a Chingerezi a pachipupa alendo akabwera. Amalume anayamba kufukula zimbudzi zodzaza za m'Kanyama, ndi ndowa ndi fosholo yobwereka, popanda woima pamwamba. Akazi awo ankagulitsa makala pakhomo. Chifuwa chija chinawatenga m'nyengo yozizira, ana asanamalize sukulu.

Pamaliro Abemba anagwira ntchito yawo ya chimbuya mokwanira. Anatipaka unga kumaso ife ofedwa, anadandaula kuti ndiwo zachepa, analengeza kuti mbewa za m'Kanyama zikuchita phwando. Kumanda, bokosi litatsitsidwa, mbuya anakankha anthu n'kufika kutsogolo. Anali ataonda, jekete likumulendewera. Anagwada pamphepete pa dzenje, naika mutu pansi monga ankachitira amalume.

"Iwe wakudya mbeba! Ndani anakuuza kuti ungene pansi apo? Siunamvere bwana?"

Anthu anaseka, monga mwa mwambo. Iye sanaseke. Anapendeketsa khutu, anadikira. Anadikira mpaka kuseka kunatha, abusa n'kuyamba kuyang'ana buku lawo. Kenako anatembenukira kwa ine, unga uli mbuu kumaso kwanga.

"Iwe wa koleji," anatero. "Uyu sayankha. Nthambo yokokera wasiya kuti?"

Zingwe zotsitsira bokosi anali atazisolola kale. Adzukulu anayamba kukwirira.