Kanema wanu, dzina la munthu wina

Agogo, lero ndaona pafoni kanema wakale wa azimayi akupuntha mpunga ku Lifuwu, atalembapo dzina lachilendo kuti ndiye wojambula. Koma kanemayo ndi wanu. Inu munali oyamba kugwira kamera ya vidiyo kuno, ndipo tepi imeneyi tinaonera awiriwiri. Munaiimitsa pakati n'kuseka: "Tamvera, iwe! Akutsokomolayo ndine, fumbi la mpunga linandilowa kukhosi."

Ndakumvani mukutsokomola pamalo omwewo, Agogo, ndipo ndakusowani. Pogawa katundu wanu, amalume anati matepi onse anavunda ndi mvula, anawataya m'dzenje. Palibe amene anawaona akutaya. Amayi sindinawauze kanthu. Madzulo ano ndikhala pafupi ndi amalume, ndiyatse kanemayo mokweza, ndiwayang'ane kumaso.