Botolo la msilikali wolondera mafuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, tikukhala ku Mpadue, ku Tete, pamene pulofesoro wathu, mphunzitsi wa kusukulu, anatipatsa mtsutso: asilikali akamalowa m'dziko la eni, amakateteza anthu kapena amatsata mafuta? Masiku amenewo wailesi inkangokamba za nkhondo ya kutali, kumaiko a zitsime za mafuta. Ine anandiika mbali ya mafuta, ndipo pakamwa ndinali napo, musanene!

Ndinakayeserera kunyumba, amayi akusankha nyemba pansi pa msawu. Ndinaima chilili n'kukuwa kuti, "Ngakhale asilikali achilendo amene anabwera kuno pa nkhondo yathu ankangolondera matanki onyamula mafuta. Anali agalu a mafuta!"

Amayi anaika lichero pansi. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo lachitsulo lopindikapindika, lomwe linkalendewera pakhoma kuyambira ndili khanda koma sindinafunsepo za ilo.

"Sukunama," anatero. "Koluna, mdipiti uja wa magalimoto opita ku Zobue, inali ya matanki, osati ya ife othawa. Ndinakakamira pagalimoto yakumapeto iwe uli kumsana, uli ndi miyezi inayi, dzuwa la Tete litakuumitsa mpaka kulira unasiya. Msilikali wina, chilankhulo chake osachimva n'komwe, anandiponyera ili. Galu ameneyo ndiye anakumwetsa."

Manyazi ake! Ndinati mawa ndikapempha kusintha mbali. Amayi anakana.

"Usasinthe. Kwathu ku Angonia kunalibe tanki, ndipo asilikaliwo sanafikeko. Mayi ako aang'ono anafera komweko. Ukanene zonse ziwiri."

Ndinakanenadi zonse ziwiri, botolo lili m'manja. Pulofesoro anati ndasokoneza malamulo a mtsutso. Mbali yathu inagonja, ndipo anzanga anandinyanyala sabata yathunthu. Zinandiwawa, sindinama.

Lero ndikakwera chapa, minibasi zathu zija, n'kumva abambo akukangana za asilikali achilendo ali kumpoto kuja kuli gasi, wina akuti chitetezo, wina akuti chuma, sindithamangira kuyankha. Ndimayamba ndafunsa kuti ndi msewu uti ukulonderedwa, ndipo ndani watsala kutali nawo. Zimenezi anandiphunzitsa ndi amayi, ndipo ndimawathokoza kuti sanandimenye tsiku lija, anangondipatsa botolo.

Lili kwanga tsopano. Mwini wake sindimudziwa dzina, kaya ali moyo kaya. Chomwe ndikudziwa n'chakuti pakamwa pomwe ndinamutukwanira, iye ndiye anapanyowetsa.